CHINSINSI CHA WODWALA NCHOIKIZA

Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko Woyera muli nkhani ya munthu wogontha ndi wachibwibwi amene anzake adabwera naye kwa Ambuye Yesu. Khamu la anthu lidali pomwepo, lirikudikira kuona chozizwitsa. Koma Ambuye sadamchize pamaso pa khamulo iai. Adayamba ampatula, napita naye pa yekha, ndipo kumeneko ndiko adamkhudza makutu ndi lilime. Ku Betsaida adachita chimodzimodzi ndi munthu wakhungu: adamgwira dzanja natuluka naye kunja kwa mudzi. Kunyumba kwa Yairo adatulutsa olira onse, natsala ndi bambo ndi mai wa mwanayo pamodzi ndi ophunzira atatu okha. Nzoona kuti odwala ena adawachiza poyera, koma ambiri a iwo ndi aja adadzifuulira okha pa njira, monga Bartimeo wa ku Yeriko. Mwana wa Mulungu, amene adziwa za mumtima mwa munthu aliyense, sadafune kuti kufooka kwa thupi la munthu kusanduke choonerera. Akristu ambiri powerenga nkhanizi amathamangira ku chozizwitsa, naiwala ulemu umene udatsogola.

Mzinda wa Zomba uyenera kumvetsa phunziro limeneli kupambana mizinda ina, pakuti ndi mzinda wa odwala. Chichokere likulu la dziko kunka ku Lilongwe mu 1975, zimene zidatsala pansi pa phiri lino ndi masukulu, asilikali, ndende ndi zipatala. Chipatala Chachikulu cha Zomba chimalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Machinga, ku Balaka, ku Mangochi ndi kwina. Chapafupi pomwepo pali chipatala cha odwala misala, chimene chidatsegulidwa mu 1953, ndipo anthu amabwera nacho kuchokera ku zigawo zonse za Malawi. Tsono Zomba ngwamng'ono. Namwino amene adasambitsa munthu Lachitatu, Lamulungu akhala naye benchi limodzi ku Katedrale ya Mtima Woyera. Woyeza magazi amagula mbatata ndi masitiroberi kwa mai yemwe uja adamtenga magazi dzana. M'mzinda wotere palibe wodwala wosadziwika, ndipo chimene chimamteteza ndi pakamwa pa anzake basi.

Aphunzitsi a Eklezia kuyambira kale amasiyanitsa zinsinsi za mitundu itatu. Choyamba ndi chimene munthu angochitulukira, monga poona kabuku ka kuchipatala ka mnansi wake katasiyidwa pa mkeka. Palibe amene adamlumbiritsa, koma chikondi ndi chilungamo zimammanga kuti akhale chete. Chachiwiri ndi chimene munthu adamva, pambuyo pake nalonjeza kuti sadzaulula. Chachitatu, cholemera kupambana ziwirizi, ndi chimene munthu sakadachimva konse pakadapanda udindo wake, ndiye kuti chinsinsi choikiza. Anthu a kumudzi aidziwa bwino mbuzi yoikiza. Ili m'khola mwa wosunga, imadya msipu wa pakhomo pake, ana ake ndiwo amaiweta, koma si yake. Sangaigulitse, sangaiphe pa ukwati wa mwana wake, sangaibwereketse, ndipo akatero mlandu wake ngwa kuba, ngakhale kuti sadathyole khola la munthu. Zimene wodwala auza dotolo, namwino, mzamba, mlangizi wa zaumoyo kapena wogawa mankhwala ndi mbuzi yoikiza. Wodwalayo sadaulule chifukwa choti adamkonda namwinoyo. Adaulula chifukwa ululu udamkakamiza, ndipo padalibe njira ina yopezera chithandizo. Kutenga chimene munthu adapereka ali pa mavuto otero ndi kukachisandutsa nkhani ya pa chitsime, ndiko kubera munthu wogwa.

Makolo adazidziwa izi Mthenga Wabwino usanafike. Za m'chikuta sizinkanenedwa pa bwalo, ndipo mzamba wolongolola sankaitanidwanso.

Pamwamba pa zinsinsi zonsezi pali chinsinsi cha Sakramenti la Kulapa. Msonkhano waukulu wa Laterano wa mu 1215 udalamula chilango choopsa kwa wansembe woulula tchimo limene adalimva polapitsa, ndipo Malamulo a Eklezia a mu 1983 akubwereza kuti chinsinsichi sichithyoledwa pa chifukwa china chilichonse. Yohane Woyera wa ku Nepomuk adaponyedwa mu mtsinje wa Vltava ku Prague mu 1393 pa lamulo la mfumu Wenceslaus, ndipo mwambo wa Akristu umati adafera kukana kuulula zimene mfumukazi idalapa. Chinsinsi cha kuchipatala sichilingana ndi chimenechi kwenikweni, poti chili ndi timakomo tochepa tololedwa, monga zionekere kutsogoloku. Koma ziwirizi nzapachibale. Wolapa amavula mtima wake, wodwala amavula thupi lake, ndipo onse awiri amatero pokhulupirira kuti amene ali patsogolo pao ali ndi mantha a Mulungu.

Kodi boma likuti bwanji? Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a mu 1994, pa gawo 21, amapatsa munthu aliyense ufulu wosunga za iye yekha. Lamulo lokhudza HIV ndi Edzi, limene Nyumba ya Malamulo idavomereza kumapeto kwa 2017, limati za kachilombo m'thupi mwa munthu nzachinsinsi, ndipo woulula mosatsata lamulo wapalamula mlandu. Mu 2024 kudabwera lamulo lina loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'mabuku ndi m'makompyuta, limene limaika za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira. Maiko ena adatsogola. Ku America lamulo la mu 1996 lotchedwa HIPAA lidabala malangizo amene adayamba kugwira ntchito mu 2003, ndipo mwa malangizowo muli mfundo imodzi yoyenera kuitola: ngakhale pamene kuulula kuli kololedwa, munthu aulule zokhazo zofunika pa ntchitoyo, osaonjeza kanthu. Kalaliki wolemba ndalama safunika kudziwa zimene wodwala adauza dotolo za m'banja mwake.

Malamulo amenewa sadagwe kumwamba ngati mvula. Adabadwa pa misozi ya anthu. Mu 2009 ku Mwanza apolisi adagwira amai 11 amene ankawaganizira kuti ngoyendayenda, nawatengera kuchipatala kukawayeza magazi popanda chilolezo chao, ndipo zotsatira zake zidawerengedwa poyera m'bwalo la milandu, anthu alikumva. Ena a iwo adayambira pomwepo kudziwa za m'thupi mwao, pamodzi ndi khamu. Mu 2015 Bwalo Lalikulu ku Blantyre, pamaso pa woweruza Dorothy Kamanga, lidagamula kuti zimenezi zidaphwanya ufulu ndi ulemu wa amaiwo. Eklezia sayamikira ntchito imene ankawaganizira, koma sadaphunzitseponso kuti munthu wochimwa wataya umunthu wake, kotero kuti aliyense angathe kumvula pa bwalo. Ambuye adawerama nalemba pansi pamene anthu adaimika mai wochimwa pakati pao, kufikira omneneza atachoka onse.

Mlandu wina udaweruzidwa kuno ku Zomba komwe. Mu 2016 mai wina amene ankamwa mankhwala otalikitsa moyo adazengedwa mlandu m'bwalo laling'ono chifukwa mwana wa mnzake adayamwa bere lake pa msonkhano wa m'mudzi. Mwanayo sadatenge kachilombo, komabe maiyo adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 9. Mu Januwale 2017 Bwalo Lalikulu la ku Zomba, pamaso pa woweruza Zione Ntaba, lidafafaniza chigamulocho nkummasula. Woweruzayo adadandaula ndi m'mene za matenda a maiyo zidatulutsidwira pa mlandu popanda kusamala ulemu wake, ndipo bwalo lidalamula kuti dzina lake libisidwe, kotero kuti mpaka lero m'mabuku a milandu amadziwika ndi malembo awiri okha, E.L. Apa pali chinthu choti Mkristu aime ndi kuganiza. Bwalo la dziko, limene liribe Ubatizo kapena Ukaristia, lidafunditsa munthu nsalu, monga Semu ndi Yafeti adayenda chambuyo kukafunditsa bambo wao Nowa. Nanga ana a Eklezia adzachita zochepera apo?

Pakuti kunena zoona, chinsinsi cha wodwala sichimadontha kawirikawiri m'chipinda cha dotolo. Anamwino ndi madotolo ambiri amagwira ntchito yao mwaulemu, pa malo opanikiza, pamene mabedi ali moyandikana ndipo nsalu yotchinga njosowa, kotero kuti mau onong'ona amamveka bedi lachitatu. Iwowa ali ndi mabungwe ao owalanga akalakwa, la madotolo ndi la anamwino ndi azamba. Koma pali khamu lina lalikulu limene palibe bungwe lolilanga. Pali odikirira odwala, amene amaphikira pamodzi nsima kunja kwa chipatala ndi kugawana nkhuni, mchere ndi nkhani. Pali mnansi wodzazonda matenda, amene maso ake amathamangira pa botolo la mankhwala lili pa mutu pa bedi. Pali wakabaza amene adatula munthu pa khomo lina la chipatala nazindikira khomolo. Chipatala cha Tisungane, chimene chidatsegulidwa pa Chipatala Chachikulu cha Zomba mu 2004 mothandizana ndi bungwe la Dignitas International, chathandiza anthu ochuluka kupeza mankhwala otalikitsa moyo. Ndipo dzina lake ndi ulaliki pa lokha. Koma munthu woona mnzake pa mzere pamenepo, nakafika ku Chinamwali kapena ku Sadzi ndi mau akuti, "Ndawaona auje kujaku," wasandutsa khomo la moyo kukhala khomo la manyazi.

Ndipo pali kudontha kwina kopweteka koposa, chifukwa kumavala zovala za chipembedzo. Pa msonkhano wa Mphakati, nthawi ya mapemphero a Akristu onse, wina aimirira ndi nkhope yachisoni nati: "Tiwapempherere amai auje, paja ayamba kumwa mankhwala aja, Ambuye awalimbitse." Onse ayankha pempherolo, ndipo pobalalika aliyense wanyamula nkhani. Kodi Mulungu adafunika kuuzidwa dzina la matendawo? Iai. Amene adafuna kumva ndi anthu, ndipo amene adafuna kunena ndi lilime. Miseche siisanduka yoyera chifukwa yanenedwa munthu atatsinzina. Chimodzimodzi ndi mafoni a masiku ano: munthu ajambula mbale wake ali gone pa bedi, wowonda, machubu ali m'mphuno, natumiza chithunzicho pa WhatsApp ku gulu la kwaya kapena la banja ndi mau opempha mapemphero. Wodwalayo sadafunsidwe, mwina sakudziwa ndi komwe ali. Madzi a Mulunguzi amayamba ngati kamfuleni pamwamba pa phiri, koma akatsika amalowa mu Likangala nakafika ku nyanja ya Chilwa, ndipo palibe amene adawabwezapo kumtunda.

Akristu oyendera odwala m'dzina la Eklezia, a Legio ya Maria, Amai Achikatolika, akatekisiti, ogawa Ukaristia kwa odwala, ngakhale ansembe ndi asisteri amene, adziwe kuti alowa m'nyumba ya munthu ndi kiyi wa Kristu. Khomo lidatsegulidwa chifukwa cha Iye. Zimene aona m'menemo, mphasa yonyowa, mabala, kubwebweta kwa munthu wotentha thupi, mkangano wa m'banja, nzoikiza zonse. Njira yake njapafupi: kufunsa mwini wake. "Amai, kodi tikawauze anzathu ku Mphakati kuti mukudwala? Nanga tikanene zotani?" Akalola, anene zokhazo zimene walola. Akakana, pemphero lopanda dzina limafika kumwamba chimodzimodzi.

Wina angafunse kuti, "Nanga tchimo lili pati, popeza zimene ndanenazo nzoona?" Funso limeneli ndi msampha wakale. Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu sililetsa bodza lokha. Kusinjirira ndiko kunamizira munthu. Kujeda ndiko kuulula popanda chifukwa chokwanira zoona zimene zimchotsera munthu ulemu pamaso pa anthu osazidziwa. Zonse ziwiri ndi machimo, ndipo kukula kwake kumayesedwa ndi kukula kwa chimene chaonongeka. Kudwala si tchimo, koma anthu amakuweruza ngati tchimo, ndipo woulula amadziwa zimenezo. Mnyamata amene adagonekedwa miyezi iwiri kuchipatala cha odwala misala nachira, nabwerera ku sukulu, angathe kukhala moyo wake wonse bwinobwino akumwa mankhwala ake. Koma mau amodzi akuti "paja adapita ku Zomba ameneyu" amtsekera ntchito, amthawitsira mbeta, ndipo maganizo ake abwino pa msonkhano amasekedwa. Pamwamba pa phiri pali dzenje lija la Chingwe, limene anthu amasimba kuti kale ankaponyamo adani ndi ena osafunidwa pakati pa anthu. Lero palibe woponya mnzake m'menemo, koma lilime limagwira ntchito yomweyo, ndipo woponyedwayo amayendabe mu msika, anthu akumpatukira.

Choopsa china nchakuti kuulula kumapha ndi anthu ena amene sadanenedwe. Mai akaona m'mene mnzake adanyozedwera, iye sapita kukayezetsa. Bambo amasiya chipatala cha pafupi nakwera minibasi kukatengera mankhwala kutali kumene sadziwika, ndipo mwezi umene ndalama yasowa, mankhwala adukiza. Mtsikana amabisa chifuwa chachikulu mpaka apatsira a m'nyumba onse. Wamiseche sadzadziwa konse maliro amene adakumba nao manda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: woulula wa lero adzagona tsiku lina pa bedi lomwelo, nadzayang'ana pakamwa pa odzamuona.

Tsono timakomo tololedwa tija ndi titi? Pamene Ambuye adachiza wakhate, adamletsa kuuza anthu, koma adamtuma kukadzionetsa kwa wansembe, amene pa Malamulo a Mose adali ndi udindo woyesa khate. Khamu lidatsekeredwa, mwini udindo adatsegulidwira. Momwemonso dotolo angathe kuuza dotolo mnzake kapena namwino zofunika pochiza munthuyo. Matenda ofalikira msanga ayenera kunenedwa kwa akuluakulu a zaumoyo, monga lamulo la za umoyo wa anthu la mu 1948 lidakhazikitsira. Kolera imene idabuka ku Machinga mu 2022, nifalikira dziko lonse ndi kupha anthu oposa 1,700, sikadagonjetsedwa pobisa odwala. Koma kunena kwake nkwa kwa azaumoyo, kuti akathire mankhwala m'zitsime, osati kwa anthu a pa msika kuti aloze nyumba. Bwalo la milandu lingathe kulamula kuti zina zitulutsidwe. Makolo ayenera kudziwa za mwana wao wamng'ono, ndipo womsamala munthu wosokonezeka mutu ayenera kuuzidwa zomthandiza kumsamala. Bwana wa pa ntchito ayenera kudziwa kuti wantchito wake sangathe kugwira ntchito masiku akuti; dzina la matenda si lake.

Khomo lovuta kupambana onse ndi la m'banja. Mwamuna wapezeka ndi kachilombo, ndipo akana kuuza mkazi wake. Apa pali zoikiza ziwiri zolimbana: chinsinsi cha mwamuna ndi moyo wa mkazi, mwinanso wa mwana ali m'mimba. Chiphunzitso cha Eklezia nchomveka: udindo woyamba ngwa mwamunayo. Amene adalonjezana pa guwa kuti adzakhala thupi limodzi alibe ufulu wobisirana chinthu chotha kupha thupi limenelo, ndipo otomerana ayenera kuuzana zoona asanamange ukwati, ngakhale kuti ankhoswe ndi mudzi wonse safunika kuuzidwa. Mwamuna wokana wachimwira chilungamo ndi chikondi. Lamulo la dziko limalola wachipatala, atamlangiza munthuyo ndi kumpatsa mpata woti anene yekha, kudziwitsa amene ali pa ngozi yeniyeni. Koma khomo limeneli ndi la wachipatala, lotsegulidwa mwa dongosolo, kwa munthu mmodzi yekhayo. Si la mlamu, si la mnansi, si la tcheyamani wa Mphakati. Ndipo wansembe amene adamva zomwezo polapitsa alibe khomo ndi limodzi lomwe: angathe kulangiza, kudandaulira, kuchenjeza kolimba wolapayo, koma kunja kwa malo olapira pakamwa pake mpotseka mpaka imfa.

Nanga amene adaulula kale achite chiyani? Kulapa kokha sikukwanira, monga wakuba sakhululukidwa mbuzi ikadali m'khola mwake. Wonamizira mnzake ali ndi njira yapafupi, ngakhale njowawa: abwerere kwa onse amene adawauza, nanene kuti adanama. Koma woulula zoona sangathe kutero popanda kuonjeza bodza pa tchimo lake, ndipo madzi akatayika saoleka. Atsala ndi izi: aleke pomwepo, afafanize chithunzi chija, napemphe onse amene adawatumizira kuti afafanizenso, apepese mwini wake ngati kupepesako sikuonjeza bala, amnenere zabwino pamaso pa anthu omwe aja, ndipo ngati munthuyo adataya ntchito kapena malonda chifukwa cha mauwo, amthandize ndi chuma monga momwe angathere. Womvera miseche nayenso ali ndi gawo lake. Pakadapanda makutu oyabwa, malilime ambiri akadafota.

Chinsinsi sichifa ndi mwini wake. Lonjezo la madotolo lolembedwa ku Geneva mu 1948 lidaonjezedwa mau mu 1968 onena kuti dotolo asunge zimene adauzidwa ngakhale wodwalayo atamwalira. Izi zikhudza mwambo wa pa maliro, pamene woimira banja amaimirira kufotokoza m'mene matenda adayendera. Mwambowo ngwabwino, chifukwa umachotsa zoganizirana za ufiti ndi kuonetsa kuti abale adayesetsa. Koma nkokwanira kunena kuti malemu adayamba kudwala mwezi wakuti, adapita nao ku Matawale, kenaka ku Chipatala Chachikulu, ndipo Mulungu adawaitana tsiku lakuti. Ngati malemuyo adalankhula poyera za matenda ake akali moyo, kuti alimbitse ena, banja lingathe kubwereza mau ake mwaulemu. Ngati adasunga, woimira banja akumbukire kuti kumbuyo kwake, m'nyumba ya siwa, mwakhala mai wamasiye ndi ana, amene mawa adzapita kukatunga madzi pa mjigo womwewo ndi anthu amene akumvetserawo.